Pulojekiti ya chida cholosera ana ovutika cha ku Allegheny: pomwe tafika

Lolemba

Ndayamba kulemba apa momwe ntchito ikuyendera chifukwa zinthu zachuluka ndipo m'mutu mokha sizikukwananso. Kwa amene simukudziwa, tilipo atatu, ine wa social work, achimwene ena a zamakompyuta, ndi amayi amene akutiyang'anira omwe anagwira ntchito yoteteza ana zaka zambiri asanapume. Ntchito yake ndi kulemba lipoti lomveka bwino, loti munthu wogwira ntchito ndi ana awerenge osafuna wina womumasulira, lofotokoza chida chimene boma la Allegheny County ku Pennsylvania m'dziko la America, kumene kuli mzinda wa Pittsburgh, limagwiritsa ntchito poyesa kulosera kuti ndi mwana uti amene ali pa chiopsezo chochitiridwa nkhanza kapena kulekeleredwa. Dzina lake ndi Allegheny Family Screening Tool, mwachidule AFST. Tasankha chimenechi chifukwa chakhalitsa, chinayamba mu Ogasiti 2016, komanso eni ake anaika poyera zambiri za momwe anachipangira, zomwe makampani ogulitsa zida ngati izi sachita kawirikawiri. Amene anatsogolera kuchipanga ndi Rhema Vaithianathan wa ku Auckland University of Technology ku New Zealand ndi Emily Putnam-Hornstein yemwe nthawi imeneyo anali ku University of Southern California.

Lero ndamaliza gawo loyamba, lofotokoza zomwe zimachitika foni ikalira. Woimba akhoza kukhala mphunzitsi, nesi, neba, kapena wachibale wokwiya. Nkhani ikakhala ya nkhanza zoonekeratu monga kumenya mwana mpaka kuvulala kapena kumugwirira, lamulo la Pennsylvania limati ifufuzidwe basi, palibe zokambirana. Koma mafoni ambiri si otero ayi, amakhala akuti m'nyumba muli uve, mwana wasiyidwa yekha, kulibe chakudya, mayi ake akumwa mankhwala osokoneza bongo, mwana sakupita kusukulu. Apa ndi pomwe wolandira foni amayenera kusankha kuti titumize munthu kukaona kapena tingolemba n'kusiya. Nde chida chija chimalowera pamenepa. Wolandira foni akalemba mayina a anthu a m'banjamo, kompyuta imakafufuza mu nkhokwe ya data imene boma la kumeneko lakhala likusonkhanitsa kuyambira 1999, imaona ngati wina anakhalapo ku ndende, ngati mwana anapalamulapo, ngati wina analandirapo chithandizo cha matenda a maganizo kapena cha kusiya mankhwala, ngati banjalo linanenezedwapo kale, kenako imatulutsa nambala kuchokera 1 mpaka 20. Mwana aliyense amakhala ndi yake koma pa sikirini pamaoneka yaikulu pa zonse. Ikakwera kwambiri nkhaniyo imayenera kufufuzidwa pokhapokha bwana wa wolandira foniyo atanena kuti ayi. Amene amapita kukagogoda pakhomo nambalayo saiona, khoti saliuza, ndipo banja lenilenilo silidziwa kuti lapatsidwa zingati.

Chifukwa chomwe anachipangira ndachilemba mosabisa chifukwa n'champhamvu. Ofufuza aja atabwerera m'mbuyo kuona milandu yoposa 76,000 ya pakati pa 2010 ndi 2014, anapeza kuti 48 peresenti ya mabanja omwe chiopsezo chawo chinali chochepetsetsa ankafufuzidwa, pomwe 27 peresenti ya omwe chiopsezo chawo chinali chachikulu kwambiri ankasiyidwa. Ndawawerengera amayi zimenezi iwo angogwedeza mutu, akuti aliyense amene anagwirapo foni ya mtundu umenewu chakumadzulo atatopa, mafayilo ataunjikana, akudziwa kuti zimachitika, munthu umatengeka ndi mawu a woimbayo, akamalira kapena kukalipa umathamanga, akamalankhula mofatsa umaona ngati ndi zazing'ono.

Lachinayi

Tsiku lonse tathera pa funso limodzi, ndipo ndikuona kuti lipoti lonse lizungulira pomwepa. Kodi nambala ija imalosera chani kwenikweni?

Anthu ambiri akamva amaganiza kuti imalosera kuti mwana achitiridwa nkhanza. Si choncho. Kompyuta kuti iphunzire imafuna chinthu chowerengeka chomwe chinalembedwa penapake, ndipo nkhanza zambiri sizilembedwa paliponse, zimathera m'nyumba. Ana omwalira kapena kuvulala kwambiri ndi ochepa moti model, ndiye kuti pulogalamu yoloserayo, singaphunzirepo bwino. Ndiye anasankha china choimira, choti kodi mwanayu achotsedwa pakhomo pa makolo ake n'kukasungidwa kwina m'zaka ziwiri zikubwerazi. Poyamba panalinso china, choti kodi banjali lidzanenezedwanso, koma mu 2018 pokonza chidachi kachiwiri anachichotsa, ndipo anachita bwino, chifukwa kunenezedwanso kumadalira kuti neba wako ndi ndani ndipo amakuona bwanji.

Komabe ngakhale kuchotsa mwana pakhomo ndi chiganizo cha anthu, cha social worker ndi woweruza. Ndiye chidachi chikuphunzira zomwe ofesi yomweyo inkachita kale, n'kumaiuza kuti banja ili likufanana ndi aja munawalanda ana aja. Ngati kale ankafulumira kulanda ana a anthu osauka kapena akuda, kompyuta iphunzira zomwezo popanda woiuza. Achimwene poyamba amati izi n'zazing'ono, model iliyonse imagwiritsa ntchito choimira, ine ndawafunsa kuti achimwene, mukanakhala inu bambo wa mwanayo mukanavomera kuti akuyezeni ndi zomwe ofesi inachitira anthu ena? Akhala chete pang'ono kenako akuti tiike funso limenelo m'lipoti momwemo.

Mbali inayo ndailembanso. Mu 2020 munatuluka kafukufuku mu magazini ya madokotala a ana yotchedwa JAMA Pediatrics amene anayerekeza manambala a AFST ndi zolemba za chipatala cha ana cha UPMC ku Pittsburgh, ndipo anapeza kuti ana omwe anapatsidwa nambala zapamwamba ankafika kuchipatala atavulala mochuluka kwambiri kuposa a nambala zapansi. Chipatala si ofesi ya social welfare, ndiye umboni umenewu ukuonetsa kuti nambalayo ikugwirako china chenicheni, si mphekesera chabe. Sindikufuna lipoti loti munthu akawerenga aziti awa anayamba ndi kudana nacho chidachi.

Loweruka

Achimwene apanga ka model kakang'ono pa laputopu ndi mabanja ongopeka, palibe dzina la munthu weniweni ngakhale limodzi, cholinga n'choti tikamaphunzitsa anthu aone ndi maso. Tinakhala pa tebulo la kukhitchini tiyi atazizira, iwo anapanga mabanja awiri ofanana chilichonse, mayi wa zaka zofanana, ana awiri, onse anadwalapo matenda a maganizo atabereka. Kusiyana kwake kumodzi kokha, wina anakalandira chithandizo kudzera ku Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, winayo anapita kwa dokotala wolipira ndi inshuwalansi ya kuntchito. Atadina batani woyamba uja nambala inakwera, wachiwiriyo inakhala pansi, chifukwa mu nkhokwe ya boma mzere wake uli mbee, palibe cholembedwa. Matenda ndi omwewo koma wina akuoneka wina sakuoneka. Zili ngati kuponya ukonde mbali imodzi yokha ya nyanja n'kumanena kuti nsomba zonse zimakhala kumeneko.

Izi ndi zomwe Virginia Eubanks, wofufuza wa ku America, anadandaula m'buku lake mu 2018, kuti chidachi chimasokoneza kulera ana uli wosauka ndi kulera ana moipa. Chomwe chandikhudza kwambiri ine n'chakuti mayi amene anachita chinthu chabwino, kupita kukapempha thandizo, ndi amene akulipira. Ndipo anthu akadziwa zimenezi ena aleka kupita, mwana yemwe timafuna kumuteteza uja n'kukhala ndi mayi wodwala wosalandira mankhwala.

Tapanganso masamu oyerekeza oti alowe m'lipoti, manambala ake ndi ongopeka kuti mfundo imveke. Tiyerekeze ana 1,000 anenezedwa, mwa iwo 50 ndi amene alidi pa ngozi. Chida chabwino ndithu chigwire 40 mwa 50 amenewo, ndipo chilakwitse pa mwana m'modzi yekha mwa 10 aliwonse mwa otsala 950 aja, amenewo ndi 95. Ndiye makomo ogogodedwa ndi 135, mwa amenewo 95 palibe vuto, ndipo ana 10 ovutikadi aphonyedwabe. Amayi ataona anati izi zikhale pa tsamba loyamba, anthu amakonda kumva kuti chida chimalondola kwambiri osafunsa kuti olakwiridwawo ndi angati ndipo ndi ndani.

Lachiwiri

Gawo la malo ena ndalimaliza, silinavute.

Ku New Zealand ndi komwe ganizoli linayambira cha mu 2012, gulu la Vaithianathan lomwelo, koma mu 2015 zinadziwika kuti nduna Anne Tolley anakana kafukufuku wofuna kupatsa ana obadwa kumene pafupifupi 60,000 manambala n'kumangowayang'ana kuti aone ngati ulosi ukwaniritsidwe, iye analemba pa pepalapo kuti awa ndi ana osati makoswe oyeserera mankhwala. Ku Illinois anasiya chida chopangidwa ndi bungwe la Eckerd mu Disembala 2017, chinali chitaika ana oposa 4,100 pa mlingo woti mwayi womwalira kapena kuvulala ndi 90 peresenti kapena kuposa, ogwira ntchito anasowa poyambira, pomwe ana ena amene anamwaliradi sichinawaone. Ku England bungwe la What Works for Children's Social Care linayesa ma model ndi data ya makhonsolo anayi n'kutulutsa lipoti mu 2020, ma model aja amaphonya ana 4 mwa 5 aliwonse omwe ali pa chiopsezo, ndipo akaloza mwana kuti uyu ali pa ngozi amalakwitsa ka 6 pa ka 10. Oregon inali ndi chida chotengera cha Allegheny, inachisiya mu Juni 2022.

Zonsezi ndaziika mwachidule dala, lipoti lathu ndi la Allegheny, izi n'zongothandiza owerenga kuona kuti si paliponse pomwe zinayenda.

Lachisanu usiku

Sabata ino inali yolemera, timawerenga za mtundu wa khungu ndi ulumali.

Chidachi sichifunsa kuti munthu ndi wakuda kapena mzungu, mtundu suli m'gulu la zomwe chimawerengera. Koma sichifunika kufunsa, chifukwa mbiri ya ndende, ya kunenezedwa, ya thandizo la boma, zonsezo ku America zimatsata kale mtundu. Mu 2022 atolankhani a Associated Press, Sally Ho ndi Garance Burke, analemba za kafukufuku wa ku Carnegie Mellon University amene anaona zaka zoyambirira za chidachi. Anapeza kuti chikanasiyidwa chokha kuti chizigamula, chikanatumiza kukafufuza pafupifupi ana akuda awiri mwa atatu aliwonse onenezedwa, pomwe azungu akanakhala theka. Olandira mafoni aja ndi amene anachepetsa kusiyanako chifukwa pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse ankakana zomwe nambala ikunena. Kenako mu 2023 a AP omwewo analemba kuti a Department of Justice, unduna wa zachilungamo ku America, akufunsa mafunso ngati chidachi chikusala makolo aulumali, poti zina mwa zomwe chinkawerengera zimakhudzana ndi matenda a maganizo ndi ndalama za boma zothandizira aulumali. A ACLU, bungwe lomenyera ufulu wa anthu ku America, nawo anadandaula kuti zinthu zina zikalembedwa sizifufutika, munthu anakhalapo ku ndende kalekale koma zikumutsatabe mpaka kwa ana ake.

Boma la Allegheny limayankha kuti kafukufuku wa anthu a ku yunivesite ya Stanford wa 2019 anaonetsa kuti chidachi chitabwera, milandu yotumizidwa kukafufuzidwa inayamba kukhala yoyeneradi kwambiri kuposa kale, ndipo kusiyana pakati pa akuda ndi azungu pa milandu yotsegulidwa kunachepa. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, chifukwa wina akuyeza kompyuta payokha, wina akuyeza kompyuta ndi munthu pamodzi. Ndalemba choncho.

Pali kankhani kena komwe kanandisangalatsa. Kumayambiriro kunali vuto la makina lomwe linkapangitsa kuti nthawi zina nambala yooneka pa sikirini ikhale yolakwika, ndipo ofufuza atabwerera kukaona anapeza kuti olandira mafoni sankangotsatira, nambala ikakhala yotsika molakwika pomwe nkhani ndi yoopsa ambiri ankatumizabe anthu. Amayi atamva anaseka mokondwa, akuti mwaona, munthu wodziwa ntchito ndi wofunikabe. Koma anawonjeza mawu omwe ndawalemba pa kapepala, akuti zimenezo zimatheka ngati wogwira ntchitoyo ali ndi nthawi yowerenga fayilo komanso sakuopa bwana, mukamupanikiza ndi mafoni ochuluka adzangodina zomwe kompyuta yanena kuti mawa asadzafunsidwe.

Lolemba

Tatsutsana ndi amayi lero, mwaulemu koma kwa nthawi yaitali, pa nkhani ya Hello Baby.

Iyi ndi pulogalamu ina ya Allegheny yomwe inayamba mu 2020. Apa sadikira foni ayi, mwana akangobadwa model imayerekeza mwayi woti adzachotsedwe pakhomo asanakwanitse zaka zitatu, ndipo mabanja amaikidwa m'magulu. Onse amauzidwa za thandizo lomwe lilipo, koma omwe ali pamwamba amafikiridwa ndi anthu owapatsa thandizo lapadera, kuwayendera, kuwalumikiza ndi chisamaliro cha mwana ndi zina zofunika pakhomo. Makolo ali ndi ufulu wokana kuti data yawo isagwiritsidwe ntchito, ndipo thandizolo silokakamiza.

Ine ndimati iyi ndi njira yabwinoko, chifukwa nambala ikalakwitsa chomwe chachitika n'chakuti banja lapatsidwa thandizo lomwe mwina silimalifuna kwambiri, pomwe ku AFST ikalakwitsa kumabwera munthu wa boma kudzatsegula firiji, kufunsa ana paokha, neba akuonerera pa windo. Amayi akuti mwana wanga, usathamange, amene akubwera ndi matewera ndi mkaka uja akaona china chokayikitsa lamulo limamukakamiza kukanena, ndiye banja losauka lija likhala ndi maso ambiri oliyang'ana kuyambira tsiku lobadwa mwana, pomwe la olemera palibe amene akulowamo. Ndinawayankha kuti amayi, nanga tisiye kuthandiza poopa kuona? Iwo akuti ayi, koma makolo auzidwe zoona zake asanatsegule chitseko, ndipo amene akupereka thandizo asakhale ofesi yomweyo yolanda ana.

Sitinagwirizane kwathunthu koma pa chinthu chimodzi tili pamodzi, ndipo ndi chomwe chikhale msana wa lipotili. Funso loti chida chimalondola bwanji likubwera pachiwiri. Loyamba ndi loti nambala ikatuluka chikutsatira n'chani, kufufuzidwa kapena kuthandizidwa, ndipo thandizolo lilipodi kapena ndi la pa pepala. Nkhani zambiri zofika pa foni ija ndi za kulekelera, ndipo kulekelera kwambiri ndi lendi yosalipidwa, magetsi odulidwa, mayi wogwira ntchito usiku wopanda womusiyira mwana. Ukalosera bwino banja lotere koma m'manja mulibe chowapatsa, wangowonjezera mantha pakhomopo. Ndasintha dongosolo la mitu kuti gawo limeneli libwere patsogolo pa za masamu.

Lachinayi

Panali funso loti tiikemo gawo la kwathu kapena ayi, poti ambiri owerenga lipotili ndi a ku Malawi. Tagwirizana kuti likhale lalifupi, tsamba limodzi. Vuto la nkhanza kwa ana kwathu ndi lalikulu, kafukufuku wa dziko lonse wa 2013 anapeza kuti mtsikana m'modzi mwa asanu ndi mnyamata m'modzi mwa asanu ndi awiri anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, ndipo tili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, nambala yaulere ya 116, ma Victim Support Unit ku polisi ndi ma One Stop Centre m'zipatala zina. Koma chida cha Allegheny chinamangidwa pa nkhokwe ya data ya zaka zambiri yolumikiza maofesi osiyanasiyana, ndipo chimayankha vuto la ofesi yomwe mafoni aichulukira. Kwathu nkhani zambiri sizifika n'komwe pa foni, zimathera kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena m'banja momwemo. Ndiye tsambalo linena poyera kuti sitikulimbikitsa kukopera chidachi, koma mafunso ake ndi othandiza kwa aliyense amene wabweretseredwa pulogalamu ya kompyuta yoti isankhe ana: ikulosera chani, yaphunzira kwa ndani, ndani sakuoneka mu data, wolakwiridwa akadandaule kuti.

Zomwe zatsala. Achimwene akukonza ka model kaja kuti munthu azitha kusintha yekha zinthu n'kuona nambala ikusuntha, ndipo pa sikirini palembedwe zikuluzikulu kuti mabanjawa ndi ongopeka. Ine ndikulemba gawo la ufulu wa makolo, makamaka zoti banja silionetsedwa nambala yake ndiye silingatsutse ngakhale data itakhala yolakwika, ndipo ndikufuna kuikamo ganizo loti kholo lizitha kupempha kuona zomwe zalembedwa za ilo. Amayi akulankhula ndi anzawo akale a ntchito kuti atatu kapena anayi awerenge zomwe talemba kale n'kutiuza pomwe sipakumveka, awapempha kuti asatinyengerere. Tikufunanso kumva kwa makolo omwe anafufuzidwapo, koma izi sitiyamba mpaka chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku chituluke, ndipo mayina awo sadzalembedwa paliponse, ngakhale muno. Gawo la masamu ndiwatumizira achimwene Lolemba kuti aonenso manambala, kenako tiyambe kumasulira chidule chake kuti chikhale m'zinenero zonse ziwiri.